Mzere Wachitatu wa a Kopolo

Bwana mkulu wa chipatala chino, madokotala, a metroni ndi anamwino nonse, anzanga a ku mafayilo, ndi inu amayi a kunyumba kwa a Kopolo pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, landirani moni. Lero tikutsanzikana ndi a Kopolo, amene akupuma pa ntchito. Amene mwasowa mipando pepani, sindichedwa. Andipatsa mphindi khumi, ndipo a Kopolo ayang'ana kale wotchi. Ndawaona.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine uja wa pa windo lachiwiri ku chipinda cha mafayilo a odwala. Ndakhala moyandikana ndi bambo awa zaka 19. Pakati pa tebulo lawo ndi langa pali kabati imodzi yokha. Sindine munthu wolira pa maphwando, choncho misozi musaiyembekezere. Ndingonena zimene ndinamva ndi zimene ndinaona.

A Kopolo anayamba ntchito pano zaka 26 zapitazo, atachoka ku usilikali. Ine ndinali ndisanafike, koma nkhani zawo ndinazipeza zikadali zotentha. Akuti sabata yoyamba anapeza odwala ataunjikana pa windo, aliyense akukweza khadi lake m'mwamba. Iwo anangotuluka n'kunena kuti, "Mzere umodzi, mapazi pamodzi." Anthu anaimadi njo. Wina wothyoka mwendo anachita kupepesa kuti sakwanitsa. Sabata yomweyo anakhoma chitseko cha ofesi nthawi yoyambira ntchito itangokwana, n'kutsekera kunja amene anali mkulu wa chipatala nthawi imeneyo. Bwanayo atagogoda, iwo anafunsa ali mkati kuti, "Ndani, ndipo mwachedweranji?" Ntchito sinawathere. Mpaka lero sindimvetsa.

Koma chimene tonse timawadziwira ndi rula. Rula yachitsulo ija, imene manambala ake anafufutika kalekale. Bambo awa sawerenga kanthu popanda kuika rula pansi pa mzere. Kaundula wa odwala, rula. Fomu ya tchuthi, rula. Nyuzipepala, rula. Ana awo andiuza kuti malipoti a kusukulu ankawaopa kawiri, chifukwa rula siidumpha masamu.

Ine ndinkawaseka nawo, mpaka mwezi wanga wachitatu. Ndinkakopera maina ndi manambala a odwala kuchoka m'buku la pa windo kupita pa makadi, diso n'kutsetsereka mzere umodzi. M'mawa mwake bambo wina wa zaka 70, wobwera ndi chifuwa, anauzidwa kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndipo mwana wagona bwino. A metroni musabise nkhope, munawerenga fayiloyo ndinu, mukadali namwino wamba. Bamboyo akuti anangopempha kuti akauze kaye akazi ake.

Chipatala chonse chinaseka sabata yathunthu. A Kopolo okha sanaseke, komanso sanandikalipire. Ndinangopeza rula yatsopano pa tebulo langa. Pa nthawi ya tiyi anati, "Usamasewere ndi mzere, iwe. Ine mzere unandidyera mzere." Ndinkayesa mwambi. Inali nkhani yeniyeni, ndipo andilola kuti ndiinene.

Ku usilikali kopolo amavala mizere iwiri pamkono, sajeni amavala itatu. Zaka 31 zapitazo bambo awa anakhoza mayeso a usajeni. Mkulu wa gulu lawo anawerenga dzina lawo pa perete, anzawo onse akumva. Amayi ali apawa anatenga singano n'kusokerera mzere wachitatu pa yunifolomu. Anauvala masiku 11. Kenako kunafika pepala lotaipa lochokera kulikulu. Mkulu uja anali atatumiza mndandanda wolemba pamanja, maina mbali iyi, manambala mbali iyo. Wotaipa kulikuluko diso linamutsetsereka ngati langa lija. Analemba dzina la a Kopolo, koma nambala n'kutenga ya msilikali wa mzere wapansi pake, amene mayesowo sanakhoze. Ndiye a Kopolo amati ku usilikali dzina ndi la amayi ako, iweyo ndiwe nambala. Anakwezedwa ndi mwini nambala uja. Awa anauzidwa kuti achotse mzere mpaka zitakonzedwa. Amayi anatenga lezala n'kudula ulusi umene anasoka okha.

Sizinakonzedwe. Mkulu uja anasamutsidwa, kenako anamwalira. A Kopolo anadikira zaka zinayi, n'kuchoka ku usilikali ali ndi mizere iwiri.

Kuyambira pamenepo akhala akulemba makalata opempha kuti mbiri yawo ya usilikali ikonzedwe. Ambiri mwa makalatawo ndinawaona, chifukwa adiresi ankagwiritsa ya pano. Mayankho ake ndingawatchule pamtima. Nkhani yanu tikuiona. Fomu imene mwatumiza inasintha. Bweretsani mboni ziwiri. Mboni zanu sizinasainire pa malo oyenera. Nthawi yodandaula inadutsa. Chaka china anayankhidwa kuti fayilo yawo sikupezeka, iwo n'kulemba kalata yaulemu yodzipereka kuti akawathandize kuifuna Loweruka. Imeneyo sinayankhidwe.

Ife pano tinayesa kuwathandiza mwa njira yathu. Tinagwirizana kuti tiziwaitana kuti a Sajeni, mtima wawo ukhale pansi. Tsiku loyamba ndinati, "Mwadzuka bwanji a Sajeni?" Sanatembenuke. Ndinabwereza. Anati, "Muno mulibe munthu ameneyo. Pepala likadzanena, inunso mudzanene." Ndinayambiranso kuwaitana kuti a Kopolo tsiku lomwelo.

Ndisaname, panali nthawi imene nkhaniyi inanditopetsa. Ndinkaona kuti munthu akuthera masitampa pa kansalu kosakwana chala. Koma m'zaka zonsezo sindinawamvepo akunyoza msilikali amene analandira mzere wawo. Ankati iye sanabe, anangoupeza pamkono. Ndipo m'zaka 26, m'chipinda chathu chija, palibe wodwala amene analandira fayilo ya munthu wina kuchoka m'manja mwawo. Palibe ngakhale mmodzi. Madokotala, mankhwala amene mumalemba mumawalemba pa pepala loyenera chifukwa cha rula imene timaiseka ija. Pa chimenechi, a Kopolo, zikomo. Mwatiphunzitsa ntchito popanda kutichititsa manyazi.

Chaka chatha zinthu zinasuntha. Mwana wawo wamkazi, aphunzitsi akhala kumapetowo, anafufuza mpaka anapeza mkazi wamasiye wa mkulu wa gulu uja. M'sutikesi ya malemuwo munali kope la mndandanda wolemba pamanja, dzina ndi nambala zili pa mzere umodzi bwinobwino. Komiti yokonza zolakwika m'mabuku a asilikali inawaitana. Ndinawaperekeza, ndinatenga tchuthi cha tsiku limodzi. Mmodzi wa akuluakuluwo anawafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, pa msinkhu wanuwu, mzere umenewu mukachita nawo chiyani?" Iwo anayankha kuti, "Akazi anga anasoka, n'kuwauza kuti achotse. Ndikufuna asokenso."

Miyezi inayi yapitayo kalata inabwera. Komiti inavomera. Panalembedwa kuti Sajeni, chidindo chili pomwepo. Ine ndinali nditaimirira kale kuti ndikauze chipatala chonse. A Kopolo anatulutsa rula. Anatsika mzere woyamba, wachiwiri, pa wachitatu n'kuima. Nambala yawo imathera ndi 47. Pa kalatapo panali 74.

Ndinatseka chitseko n'kuwauza kuti, "A Kopolo, papsa tonola. Dzina ndi lanu, chidindo ndi chenicheni. Adzaone ndani? Mukaibweza mwina mudikiranso zaka 31, ndipo zaka zimenezo inu mulibe." Ndinalankhula choncho, sindikukana. Iwo anaipinda kalatayo mmene inabwerera n'kunena kuti, "Nambala imeneyi ili ndi mwini wake. Ndikailandira ndiye kuti ndavala mzere wa munthu wina." Anaibweza tsiku lomwelo, pa positi yosainira. Ndinawakwiyira masiku atatu. Iwo sanazindikire n'komwe.

N'chifukwa chake pa keke apo palembedwa kuti Kopolo, ndipo khadi limene tasainira tonse likuti Kopolo.

Tsopano pali kanthu. M'mawa uno a mesenjala abwera ndi envulopu iyi. Yachokera ku komiti ija. Ndinaimbira amayi kuwafunsa chochita, iwo anati, "Mukawapatse pagulu. Mzere uja anauvula anthu akuona." Sindinaitsegule. Sindikudziwa zili mkatimu. Akhoza kukhala atalakwitsanso, akhoza kukhala atasintha maganizo. Zikakhala choncho tidya keke yathu ya Kopolo n'kumapita kwathu, ndipo Lolemba bambo awa akagula sitampa ina.

A Kopolo, bwerani kutsogolo kuno. Nayi. Magalasi muli nawo? Rula sindifunsa, ndikuiona m'thumba la jekete. Bwana mkulu, tisunthireni mbaleyo pang'ono, pepala ligone bwino. Anthuni, tikhale chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo awa sathamangitsidwa.

Dzina lili bwino? Chabwino. Tsikani. Nambala. Werengani kawiri, ife tilipo.

Ndi 47?

Tsiku lokwezedwa alemba liti? Lomwe lija la pa perete, zaka 31 zapitazo. Ndiye kuti zaka zonsezi pa windo loyamba pankakhala sajeni, ife osadziwa.

Chotsani rula tsopano, mwafika pansi. Palibenso mzere wina.

Amayi, mutha kutsegula chikwama chija. Anandiuza pa foni kuti kansalu kaja sanakataye. Kakhala m'chitini cha mabatani kuyambira tsiku la lezala, ndipo lero abwera nako, singano ndi ulusi womwe. Yunifolomu ija sikuwakwananso, tonse tikuona chifukwa chake, koma jekete ili ndi mkono. Sokani, amayi, keke idikira. Ndinanena kuti sindilira pa maphwando, choncho ndiyang'ana kumbali.

Pitani mukapume, bambo. Mukadzuke dzuwa litakwera, mukawerengere zidzukulu nthano ngakhale modumpha mizere. Windo loyamba tilisamala, marula tili nawo. Munandiuza kuti pepala likadzanena nanenso ndidzanene. Ndadikira nthawi yaitali ndi moni umenewu.

Mwaswera bwanji, a Sajeni?

Ayankha. Tiyeni tonse tiimirire, mapazi pamodzi, tiwaombere m'manja.