Tizilombo tanga tinakwatirana ndi ta ku Chiuta

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Dzina langa ndine Asiyatu, ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kwa Kalembo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandipulumutsira digiri yanga itatsala pang'ono kundipulumuka m'manja.

Kuti ndimalize maphunziro ndinayenera kuchita kafukufuku. Ndinasankha tizilombo ta m'madzi totchedwa paramesiyamu, tosaoneka ndi maso, ta selo imodzi yokha, tosambira ndi tiubweya. Kalikonse kali ndi manyukiliyasi awiri: yaing'ono imasunga za kumtundu, yaikulu imayendetsa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mulibe tamphongo kapena tathazi, koma tili m'magulu awiri, ndipo timakwatirana pokhapokha magulu osiyana akakumana. Zikatero nyukiliyasi yaikulu yakale imaphwasuka, yatsopano n'kupangidwa kuchokera ku yaing'ono. Funso langa linali lakuti ana amatenga gulu liti.

Koma tanga sitinkakwatirana. Ndinatisunga m'mabotolo miyezi yambiri, kutidyetsa, kutimana, kutisakaniza, osaphula kanthu. Tonse tinali ta gulu limodzi. Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala kwathu kuno ku Balaka, mabotolo onse anafa kupatula limodzi. Aphunzitsi ondiyang'anira anandiuza mwaulemu kuti ngati palibe zotsatira, ndidzayambirenso chaka chamawa.

Ndinalira, abale. Ana asukulu ankandifunsa za kafukufuku, ine n'kumasintha nkhani. Pemphero langa linafupika mpaka linangotsala lakuti, Ambuye, ine nzeru zandithera.

Loweruka lina kunafika bambo anga kuchokera ku Machinga. Iwo ndi msodzi wa ku nyanja ya Chiuta, Msilamu, ndipo za mabotolo anga sankazidziwa. Anangomva kwa mayi kuti ndawonda. Anabwera ndi milamba yamoyo m'chigubu, m'madzi a m'nyanja momwemo, ndi udzu wake.

“Mwanangu, idya kaye,” anatero. “Zinazo Mulungu akudziwa.”

Nditachotsa nsomba, ndinanyamula chigubu kuti ndikataye madzi. Pakhomo ndinaima, mtima ukukana. Lolemba ndinapita nawo kusukulu, n'kuika dontho pa maikulosikopu. Tizilombo ta paramesiyamu tinalimo, tikusambira mothamanga.

Ndinatipatula n'kutilera, kenako ndinatisakaniza ndi ta m'botolo lotsala lija. Ndikuyang'ana chomwecho, tinayamba kuunjikana, kenako kugwirana tiwiritiwiri. Ndinagwada pansi mu labu momwemo, ana a Fomu 3 akundiyang'ana, ndipo sindinachite manyazi.

Ana a tizilombo tokwatiranato ndinawalera padera ndi kuwayesa. Pa mtundu umenewu, aliyense anatsata gulu la selo imene anatulukamo, ngakhale nyukiliyasi yake yaikulu inali yatsopano. Ndinalemba zimenezi, ndinakhoza, ndipo tsiku lovala gauni bambo anakhala kutsogolo ndi mkanjo wawo woyera. Mpaka lero amauza anzawo padoko kuti madzi awo anapita ku yunivesite.

Ndikuthokoza Mulungu amene analenga kanthu kosaoneka ndi maso, n'kukasamala, ndi kusamalanso ine. Inu amene mwatsala ndi botolo limodzi, musaleke kupemphera ndipo musataye msanga chimene chafika pakhomo panu. Thandizo langa silinachokere ku labu yaikulu ya mumzinda iyayi, linakwera minibasi ku Nsanama m'chigubu cha bambo anga. Ambuye alemekezeke. Ameni.