Miyezi imene ndinaphunzitsa mpira monong'ona

Moni nonse amene mumanditsatira pano, makamaka inu a mpingo wathu wa ku Chowa amene munkaimitsa mayi akunyumba pamsewu kufunsa za ine. Ambiri mumandidziwa ngati kochi wa timu ya mu ligi yaikulu kuno ku Kabwe, bambo wamfupi uja amene amakuwa mpaka oimbira mpira kutembenuka. Lero ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mawu anga anatha, ntchito nkutsala pang'ono kutha nawo limodzi.

Ine ndine munthu waphokoso ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinakulira ku Kasanda, kumene agogo anga anakhazikika atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi. Pabwalo lafumbi la kumeneko mwana wosakuwa sankapatsidwa mpira, choncho ndinaphunzira kukuwa ndisanaphunzire kumenya ndi mwendo wamanzere. Nditakhala kochi, khosi lomweli ndilo linali chida changa. Anyamata a mpira ndi osiyana. Wina amadzuka ukamukalipira, wina ukamukalipira amafota sabata yonse, ndiye uyenera kumuyamikira mokweza anzake akumva. Wina amangofuna amve dzina lake kuchokera kubenchi kuti adziwe kuti ukumuona. Zonsezi zimafuna mawu.

Mawuwo anayamba kusasa pakati pa sizoni. Mayi akunyumba anandimwetsa uchi, mandimu ndi jinja mpaka ndinadana nazo. Anansi ankati ndi fumbi la mtovu la ku Kasanda landipeza ukalamba uno. Dokotala wa ku Lusaka atayang'ana kukhosi anapeza totupa pa timinofu totulutsa mawu, ndipo anati si mtovu ayi, ndi kukuwa kwanga komwe. Anandichita opaleshoni. Ponditulutsa anandiuza kuti ndikhale chete kaye, kenako ndizilankhula mawu ochepa chabe motsitsa, ndipo ndikayerekeza kukuwa ndikhoza kuwataya mpaka kalekale.

Ndinabwerera kuntchito ndili chomwecho. Ndinkanong'oneza wachiwiri wanga, a Bwalya, iwo nkumauza anyamata. Sindikunena kuti a Bwalya ndi munthu woipa, koma anali ndi maganizo awoawo a mpira, ndipo mpando wanga ankauyang'ana kalekale. Ndikati mapiko abwerere kumbuyo, iwo ankakuwa kuti mapiko akwere. Ndikawagwira malaya ankati sanamve bwino. Anyamata anasokonezeka, osadziwa kuti atsate manja anga kapena pakamwa pa a Bwalya. Tinaluza, tinaluzanso, kenako tinafanana mphamvu ndi timu imene inali kumunsi kwenikweni. Masapota anayamba kundilankhula ndi manja ndikamadutsa pa siteji ya minibasi, ena akuseka, podziwa kuti sindiyankha.

A tcheyamani a komiti anandiitana ku ofesi. Anandipatsa mpando ndi botolo la madzi, ulemu wonse.

"Ba Kochi, ise timukondani maningi," anatero. "Manje timu siingayende na manja chabe. Pa Chiwelu mukaluza futi, tizankhala pansi tikambisane."

Aliyense wa mpira amadziwa tanthauzo la kukhala pansi kumeneko. Ndinagwedeza mutu nkutuluka. Ndili ndi ana kusukulu, ndipo ntchito ina sindiidziwa. Ndinkadziwanso kuti kochi amene wachotsedwa chifukwa choluza amapeza timu ina, koma wochotsedwa chifukwa alibe mawu palibe amene amamuimbira foni.

Sabata imeneyo ndinapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha, kuti mawu abwerere lisanafike Loweruka limene a tcheyamani ananena lija. Amayi a chigwirizano anabwera kunyumba kudzapemphera nane, ine nditangogwada osatha ngakhale kuyankha ameni. Loweruka m'mawa ndinatuluka panja nkuyesa kuitana galu wathu. Panatuluka kampweya chabe, galuyo sanatukule nkomwe mutu. Ndinene zoona, ndinakhumudwa naye Mulungu tsiku limenelo. Ndinavala malaya a timu ndikudziwa kuti mwina ndi komaliza.

Panalinso vuto lina. A Bwalya anali atapatsidwa khadi yofiira pa masewera apitawo chifukwa chotukwana woimbira, ndiye sankaloledwa kubenchi kapena kuchipinda chovalira. Wotsala woti anyamule mawu anga anali kaputeni, Mwansa.

Mwansa ndi wotchinga kumbuyo, wamkulu pa onse mu timu. Anyamata ankamukonda kuposa mmene ankandikondera ine, ndipo zimenezo sizinkandipweteka, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ine ndi iye sitinali pa ubwenzi. Iye ankaona kuti ndimathamangira kukweza achinyamata, ine ndinkaona kuti miyendo yake yayamba kulemera. Kontirakiti yake inali kutha sizoni yomweyo, ndipo ankadziwa kuti akomiti akuyang'ana ngati akadali ndi mphamvu zomaliza masewera. Chibwerereni ine ku timuyi ndinali ndisanamutulutsepo m'bwalo.

Tinkasewera ndi timu ya ku Copperbelt imene inali ndi mnyamata wothamanga kwambiri kutsogolo. Anamudutsa Mwansa koyamba, goloboyi wathu nkupulumutsa. Anamudutsanso kachiwiri, mpira nkugona mu ukonde. Bwalo lonse linaona pamene tinkadontha, koma panalibe mnyamata wa timu yathu amene akanatchula. Pofika nthawi yopuma tinali kumbuyo ndi chigoli chimodzi.

M'chipinda chovalira munali phokoso la masapota amene ankamenya chitseko chachitsulo panja. Ngakhale munthu woima pafupi nane sakanamva kunong'ona kwanga. Mwansa anawerama nkuika khutu pakamwa panga. Ndinamuuza kuti apakati asiye kuponya mipira yam'mwamba. Anadzuka nkunena zomwezo, osawonjezera. Ndinamuuza kuti phiko lakumanja lizibwerera kudzathandiza. Ananenanso chimodzimodzi. Anaweramanso kachitatu, ndipo ndinamuuza kuti Mwansa atuluke, alowe Kelvin. Kelvin ndi wotchinga kumbuyo amene ankadikira malo a Mwansa pabenchi.

Mwansa sanadzuke msanga. Anakhalabe chowerama, thukuta lake likudonthera pa nsapato zanga. Ndinadziwa zimene zinali m'mutu mwake, chifukwa nanenso ndinaseweradi mpira mpaka miyendo itakana. Mnzake wotchinga naye kumbuyo, Siame, anali ndi khadi yachikasu. Akanangonena kuti kochi wati Siame atuluke, aliyense akanavomereza kuti ndi zanzeru, Siame yemwe akanavula jezi osadandaula. Ine ndikanatani? Ndikanayamba kutsutsana ndi kaputeni wanga ndi manja pamaso pa anyamata amene amamukhulupirira, timu ikanagawanika pomwepo. Ndikanakhala chete, mnyamata wothamanga uja akanatimaliza. Ntchito yanga yonse inali pakamwa pa munthu amene ndinali kumuchotsa.

Anadzuka, nayang'ana anzake.

"Ba Kochi bakamba ati nichoke ine, angene Kelvin," anatero.

Siame anayamba kudandaula, koma Mwansa anamuletsa ndi dzanja.

"Ni zoona, mwaona mweka. Uja mwaiche anipitilila kawili. Kelvin, vala. Osamupasa mpata wotembenuka."

Anavula lamba wa ukaputeni nkumumanga goloboyi pamkono. Atatero anaweramanso kwa ine kufunsa ngati pali china.

Lamulo limalola munthu mmodzi yekha kuima kutsogolo kwa benchi. Gawo lachiwiri lonse anaima ndi Mwansa, ine nditakhala pansi ngati mlendo. Ndikamukodola ankabwera, kumva, nkubwerera kukakuwa. Ankadziwa yekha woyenera kukalipiridwa ndi woyenera kuyamikiridwa, pakuti anakhala zaka akundimva ndikuchita zimenezo. Kelvin anamutseka mnyamata uja. Anyamata anasewera ngati anthu amene achita manyazi ndi zimene aona m'chipinda muja. Tinabweza chigoli, ndipo chakumapeto tinamwetsa china. Sindifotokoza mmene zigolizo zinalowera, amene munalipo munaona nokha. A tcheyamani anatsika kudzandikumbatira ngati sanandiitanepo ku ofesi.

Ngakhale a Bwalya atabwerera kubenchi, Mwansa ndiye anapitiriza kundilankhulira mpaka dokotala atandilola kuyamba kutulutsa mawu. Masewera amenewo ambiri tinapambana, ena tinafanana mphamvu, ndipo nkhani yokhala pansi ija sinamvekenso. Koma Kelvin sanachokenso pamalo paja. Sizoni itatha, akomiti anaona zimene aliyense anaona, ndipo Mwansa sanapatsidwe kontirakiti ina ngati wosewera. Chipulumutso changa chinamudyera mnzanga ntchito, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Tsiku lina m'mawa anyamata akuthamanga pamsewu wa ku Mpima, ine ndi Mwansa tinatsalira kumbuyo tikuyenda. Ndinamufunsa chifukwa chake sanatchule Siame tsiku lija. Anaseka pang'ono.

"Ba Kochi, zina ya Siame inafika apa pa lilime," anatero akuloza pakamwa. "Manje ninaganiza ati uyu muntu alibe mawu, anipasa ine kuti nimusungile. Nikachinja, nizapempela bwanji mailo pa Sande ku chalichi?"

Tinapitiriza kuyenda kutsatira anyamata aja.

Abale anga, ine ndinapempha khosi, ndipo Mulungu sanandipatse pa tsiku limene ndinamuikira. Anandipatsa munthu woona mtima, wochokera mbali imene sindinkayang'anako nkomwe. Ndikumuthokoza chifukwa cha zimenezo. Ndikuthokozanso mayi akunyumba, amayi a chigwirizano, ndi dokotala amene anandiopseza mokwanira mpaka ndinamvera. Inu amene mwapemphera ndipo Loweruka lanu lafika popanda yankho, musasiye, valani mupite kuntchito yanu, pakuti simukudziwa amene Mulungu wamukonzera kumeneko.

Mawu anga anabwerera, osasa pang'ono, koma anyamata amawamva. Pa msonkhano woyamba wa komiti umene ndinatha kulankhula ndekha, a tcheyamani anandifunsa kuti ndikufuna andigulire wosewera uti wa sizoni yatsopano. Ndinawauza kuti za osewera tikambirana pambuyo, ayambe andilembera Mwansa ngati wothandizira wanga, apo ayi afune kochi wina. Anayang'anizana kwa kanthawi, kenako anavomera. Mukamabwera kubwalo masiku ano mudzamuona ali pambali panga, ndipo ndikamatuluka m'chipinda chovalira ndimawasiya anyamata m'manja mwake osatembenuka.