Nkhope Imene a Nangozo Sanaione

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Dzina langa ndine Lackson, bambo a Tadala, mwamuna wa Esnat amene amagwira unamwino ku Walsall. Ena mukundikumbukira bwino lomwe, musanamizire kuiwala. Munkandipeza Loweruka pa siteji ya basi kuno ku Aston, chitini cha mowa m'manja, ndikutukwana anthu opita ku mpira. Munkawoloka msewu kuti tisapatsane moni. Sindikukudandaulani ayi. Nanenso ndikadakhala inu ndikadalambalala.

Mowa sindinkamwa chifukwa chokoma. Ndinkamwa chifukwa cha mkwiyo, ndipo mkwiyowo unali pa munthu mmodzi, mayi wina wokalamba wa kwathu ku Ntcheu, a Nangozo.

Ndinabwera m'dziko lino kudzaphunzira ku Coventry, koma sukulu inandikanika. Tsiku lina ndikuzungulira m'tauni ya Birmingham ndinaona ofesi yolembera asilikali, ndipo ndinalowa. Palibe anandigwira pakhosi. Gulu lathu lonse linali la odzipereka okha, asilikali oyenda pansi, chikwama kumsana, mfuti m'manja.

Yunifolomu inandilowa m'mutu, abale. Nditapita kwathu pa holide ndinkayenda pamsika ngati msewu ndi wa bambo anga. Mnzanga wa paubwana, Fanuel, mwana wamwamuna mmodzi yekhayo wa a Nangozo, ataona nsapato zanga zonyezimira mtima unamuuluka. Anati, "Lackson, usandisiye kuno." Ndinamuthandiza, anabwera, n'kulowa gulu lomwelo.

Tinayenda ife. Anatiphunzitsa kumpoto kwa dziko lino, m'mapiri opanda ndi mtengo womwe, mvula yozizira yolowa mpaka m'mafupa. Anatitumiza ku Germany, kenako ku Cyprus. Ku Kenya tinakayeserera nkhondo, ndipo Fanuel ataona dothi lofiira ndi minda ya chimanga anavula nsapato n'kuponda pansi, ati amveko kwawo. Kuchoka apo tinapita ku Iraq, n'kubwerako tonse awiri opanda ndi bala lomwe. Tinayamba kudziona ngati imfa ndi ya ena.

Kenako anatitumiza ku Afghanistan.

Kumeneko mdani sitinkamuona kawirikawiri, ankakwirira mabomba m'tinjira ta m'minda ndi m'mbali mwa ngalande. Choncho tinkayenda mondondozana, aliyense kuponda pamene waponda mnzake. Patsogolo pankakhala munthu mmodzi wonyamula chida chofufuzira zitsulo m'dothi, akuchiyendetsa uku ndi uku ngati akusesa pabwalo. Ntchito imeneyo ankakonda kumupatsa Fanuel, chifukwa anali wodekha, wosapupuluma.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina dzuwa litangokwera, nthaka inang'ambika patsogolo pathu. Fumbi litatsika, pamene panali Fanuel panalibe munthu. Ine ndinali mmodzi mwa amene anakatola. Sindifotokoza zambiri, muli ana muno.

Akuluakulu athu anati thupi lipite kwawo, ndipo ine ndiliperekeze pamodzi ndi bwana wina wachizungu, popeza mudzi ndinkaudziwa. Bokosi analikhoma, mkati muli chitsulo chomata, pamwamba mbendera. Anandiuza kuti lisatsegulidwe, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake kuposa iwo.

Tsono inu nonse mukudziwa za kwathu. Maliro saikidwa anthu asanaone nkhope. Mukudziwanso kuti mnyamata sangopita kwa mayi wofedwa kukamuuza zoopsa, amadzera kwa mwini mbumba. Ine ndinatsata mwambo. Ndinawatengera pambali a Ngozo, amalume ake a Fanuel, mlongo wawo wa a Nangozo, n'kuwauza zonse mmene zinalili m'bokosimo.

Anagwira pakamwa. Kenako anati, "Iyayi mwana iwe, zimenezi asazimve mlongo wanga. Mtima wake ndi wofooka, tiika maliro awiri pano. Iwe ungonena kuti azungu aletsa. Zotsalazo undisiyire ine."

Ndinavomera. Ndinati akulu anena.

Nthawi yoona nkhope itakwana, amayi awiri anawatulutsa a Nangozo atawagwirira m'khwapa. Anaima pafupi ndi bokosi n'kunena kuti, "Tsegulani ndimuone mwana wanga."

Ndinati, "Amayi, pepani, malamulo a ntchito akuletsa."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Adzukulu anali atangobwera kuchokera kokumba manda, dothi lili m'miyendo. Mmodzi anayesa kunyamula bokosi mbali imodzi, n'kumva kulemera kwa chitsulo chija. Anakuwa kuti, "Muli munthu muno kapena miyala?"

Maso onse anapita kwa a Ngozo. Inenso ndinawayang'ana, kudikira kuti achite zimene analonjeza. Mkulu uja anaona makasu m'manja mwa adzukulu, anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Ine sindinaone kanthu. Funsani amene wabwera nalo."

Ha! Abale, munthu wa imvi!

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zonse. Koma ndinaona mayi uja patsogolo panga, n'kukumbukira za mtima wake wofooka uja. A Nangozo anandiloza ndi chala. Anati, "Iwe Lackson, unamutenga mwana wanga akuyenda ndi miyendo yake. Lero wandibweretsera matabwa. Ine sindilira matabwa. Pita ukamutenge kumene wamusiya."

Sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Analowa m'nyumba, kumanda sanapite, ndipo tsiku lometa anakana lumo.

Ndisananyamuke n'komwe, nkhani inali itazungulira mudzi wonse. Ati Lackson anamugulitsa mnzake kwa azungu. Ati anakhwimira pa iye kuti zipolopolo zizimulambalala. Ine ndinakwera ndege, koma amayi anga anatsala komweko. Akafika pa mjigo, amayi anzawo ankasuntha ndowa zawo. Ku kwaya anasiya kuwaitana. Anamwalira akutchedwa make wa mfiti, mayi amene sanaphepo ndi nkhuku ya mwini yomwe.

Usilikali ndinausiya. Ndinayamba kunyamula makatoni m'weyahausi, nyumba yosungira katundu, ku Walsall, ndikaweruka n'kulunjika ku mowa. Mwezi wa Novembala ukafika, anthu atabaya pachifuwa timaluwa tofiira tokumbukira asilikali ofera ku nkhondo, wina ankandigwira dzanja kuti zikomo chifukwa cha ntchito imene munagwira. Zikomo wa chiyani? Ndinkafuna kumulavulira. Ndinadana ndi gulu lathu lija, ndinadana ndi a Ngozo, ndinadana ndi mudzi wonse. Ndi Mulungu yemwe ndinamuikira mlandu. Koma woyamba pa onse anali a Nangozo. Ine ndinatola mwana wawo ndi manja angawa, ndinawabisira zoopsa kuti asafe nazo, malipiro ake n'kundiloza chala pamaso pa anthu.

Zaka zinapita chomwecho. Kunyumba kwanga kunalibe kuseka. Ndikalowa, Tadala ankathawira kuchipinda.

Tsiku lina masana foni inalira. Anali Chifundo, mlongo wake wa Fanuel. Anati, "Achimwene, amalume anatisiya chaka chatha. Amayi nawonso afooka kwambiri. Minibasi ikangoima pamsewu amandituma kuti ndikaone ngati watsika Fanuel. Mpaka lero akudikira. Amene mukudziwa zoona mwatsala nokha. Chonde bwerani muwauze asanapite."

Ndinayankha kuti, "Adikire. Ine si mfiti kodi? Mfiti inayamba yanenapo zoona?" Ndinadula foni.

Ndipo ndinakondwa, abale. Ndikunena pamaso pa Mulungu, ndinakondwa. Ndinati nawonso alawe.

Esnat anali kukhitchini, atangobwera ku shifiti, yunifolomu asanavule. Anamva zonse. Mkazi wanga si wolongolola, koma tsiku limenelo anakhala pampando n'kundiyang'ana m'maso.

Anati, "Bambo a Tadala, ife wodwala akamwalira mu wodi sitithamangira kuitana abale. Timayamba tamusambitsa, kumutseka maso, kumupesa, kenako timati lowani. Ndaonapo azibambo akuluakulu akukana pakhomo kuti mwalakwitsa, si wathu ameneyo. Akaona nkhope m'pamene amalira, ndipo akalira m'pamene amatha kupita kwawo. Mayi uja akadaima pakhomo mpaka lero."

Ndinamenya tebulo. "Nanga amayi anga? Anawalakwira chiyani anthu amenewo?"

Anati, "Sanalakwe kanthu. Koma amayi anu munawaona nkhope inu, munawalira."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Ndinamwa sabata yonse, koma mowa unakana kugwira. Lamulungu lake ndinabwera mu holo ino, osati kudzapemphera ayi, ndinabwera kudzakangana ndi Mulungu. Ndinakhala kumbuyo uko, pafupi ndi hita yotenthetsera muno, fungo la dzulo likadali m'kamwa.

Abusa ankalalikira za wophunzira uja amene anakana kukhulupirira mpaka ataona mabala ndi maso ake. Nkhaniyo ndinaimva kuyambira ku Sande sukulu. Koma tsiku limenelo ananena chinthu chimene chinandilasa. Anati taonani amene ananyamuka kupita kwa mnzake. Ndi Yesu, wokhomedwayo, wothawidwayo, wonamiziridwayo. Sanadikire kuti wokayikayo ayambe wapepesa. Anapita yekha n'kumuonetsa mabala.

Ndinalira pampando paja ngati mwana, mamina ali chuchuchu, ine msilikali. Madikoni awiri anandigwira n'kunditengera kutsogolo kuno. Ndinati, Ambuye, ngati munachita zimenezo, nditengeni, chifukwa pandekha sindingathe. Mtima wanga sukufuna, koma nditengeni.

Nkhani yotere siikambidwa pa foni. Ndinapempha tchuthi ku ntchito n'kupita ku Ntcheu.

Ndinawapeza a Nangozo atagona pamphasa pakhonde, atatha ngati kamwana. Anthu oyandikana nawo ankandisuzumira m'mipanda. Ndinakhala pansi, padothi, n'kuwomba m'manja.

A Nangozo anandiyang'ana. Anati, "Wabwera wekha?"

"Ndabwera ndekha, amayi."

"Mwana wanga ali kuti?"

"Ali kumanda kuja, amayi. M'bokosi lija munali Fanuel. Anaponda bomba. Ndinamutola ndine, ndipo nkhope yoti muione panalibe. N'chifukwa chake sitinatsegule. Amalume ndinawauza tsiku lomwelo, iwo anati ndikubisireni."

Kenako anafunsa kuti, "Ngati nkhope panalibe, unamudziwa bwanji kuti ndi iye?"

Ndinati, "Dzanja lamanzere linali lathunthu, amayi. Kachala kakang'ono kopindika kaja."

Anati, "Anagwa mu mtengo wa mapichesi ameneyo. Ndinamumanga ndine ndi kansalu, kuchipatala anakana." Anadzuka okha, munthu woti ankachita kumudzutsa, n'kuika manja kumutu. "Mayo ine! Fanuel mwana wanga! Mayo ine!"

Kulira kumeneko sindidzakuiwala. Anthu anathamanga kuchokera m'minda poganiza kuti kwagwa maliro atsopano. Amayi anzawo analowa pakhonde n'kuyamba kulira nawo. Anthu anagona pa siwa, nyimbo zinaimbidwa, ndipo patapita masiku a Nangozo anaitanitsa okha lumo.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti anandipepesa. Sanandipepese. Palibe ndi mmodzi yemwe m'mudzi muja amene anabwera kudzati tinakulakwira. Amayi aja osuntha ndowa ankangondipatsa moni ngati palibe chinachitika. Ndinapita pa manda a amayi anga ndekha, n'kuwauza kuti dzina lawo layera, koma layera mochedwa. Ndinganame nditati sizipweteka. Zimapweteka mpaka lero, ndipo masiku ena ndimadzuka mkwiyo uli pakhosi, n'kuyambanso kugwada.

Koma mowa sindinaulawenso chibwerereni. Tadala masiku ano amakhala nane pa sofa, kundifunsa za Fanuel m'Chingerezi chakecho, ine n'kumamuyankha m'Chichewa.

A Nangozo anamwalira mvula isanagwe. Chifundo anandiuza kuti mawu awo omaliza anali kwa adzukulu. Anati, "Mukandikumbire pafupi ndi mwana wanga." Manda amene anakana kuwaponda zaka zonse zija, anawapempha okha.

Alemekezeke Yesu amene anandikoka ndikukana. Ndikadachedwa pang'ono, mayi uja akadafa akuyang'ana kumsewu, ndipo ine ndikadakhala ndikukondwa nazo mpaka ku chiweruzo.

Tsono m'bale wanga, mlongo wanga, mwina nawenso unalakwiridwa, ndipo sindikutsutsa. Mwina uli ndi mawu amene munthu wina akuwadikira, iwe n'kumamulanga ndi kukhala chete. Ukuti ayambe wapepesa. Ine pepani wangayo sindinamulandire, ndipo a Ngozo ndi a Nangozo, oti andipatse, ali m'manda. Usadikire. Nyamuka pampandopo, bwera kutsogolo kuno ndi mkwiyo wako womwewo, tigwade limodzi. Ambuye amene anandilandira ine ndikununkha mowa sakubweza.

Amen.