Penti wa Fidelis Wakana Kuuma

Mayi Enelesi, okazinga mandasi padoko la Nkhotakota, anapangana ndi mwana wawo Fidelis kuti chithunzi chake chikalephera kukwera sitima ya Ilala Lachisanu, kupita kwa mwini sitolo wa ku Blantyre amene anachiitanitsa, mnyamatayo ataye maburashi akakoke khoka kwa amalume ake ku Chia. Lachitatu m'mawa anamupeza pakhonde atagwira tsaya, chithunzicho chitayang'ana kukhoma ngati mwana wolangidwa, sabata yachitatu chisanaume.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Ntchito ikuyenda?"

"Sichinaume, amayi."

"Ayi, musafulumire. Usipa umauma tsiku limodzi, chinangwa masiku atatu, koma zanu ndi za anthu ophunzira."

"Usipa umauma chifukwa madzi amatulukamo. Mu penti wa mafuta mulibe madzi. Iye amamwa mpweya pang'onopang'ono mpaka achite khungu pamwamba."

"Amamwa mpweya! Mwini wake akanatengera khalidwe limenelo, bwenzi ndiwo zikumatsala m'nyumba muno."

Fidelis anagwedeza mutu ngati wauzidwa nkhani ya nzeru. Ndi mmene analili mwana ameneyu: ukamunyoza, iye amayamba kuganizira ngati zingatheke.

"Munthu sangakhale ndi mpweya wokha, amayi."

"Ndaona, ndaona zaka makumi awiri. Tatenga chinthu chakocho ukachiyanike pathandala la nsomba."

"Ntchentche zikakamirapo. Ndi mchenga womwe."

"Ndiye chiwambe. Nkhuni ndili nazo."

"Utsi udetsa mitundu yonse."

"Chithire mchere."

Fidelis anakweza maso, n'kuyamba kuganiza.

"Iwe! Ndikuseka!"

"Ndimati mcherewo sungathandize. Koma chikundizunguza mutu n'chakuti palibe chimene ndalakwitsa. Ndatsata zonse zimene anandiphunzitsa bambo wansembe uja asanabwerere kwawo."

Mayi Enelesi anatula dengu la mandasi, n'kukhala pachitsa, manja apinda pachifuwa.

"Tiuzeni, aphunzitsi. Msika udikira. Ife kwathu n'kumvera."

"Katondo ndinakakumba ndekha kugombe la Bua, wofiira bwino uja. Ndinamusungunula m'madzi, mchenga n'kutsikira pansi, ine n'kutsanula wa pamwamba. Katatu."

"M'mabeseni anga."

"Atauma ndinamupera pamphero."

"Yanga. Mpaka lero nsinjiro zimatuluka zofiira, alendo n'kumayamikira matimati amene sindinathire."

"Wakuda ndinapala mwaye wa koloboyi. Ndiye ufa umenewo umadonthezera mafuta pang'ono, n'kupera. Kupera, kupera, mpaka ukapaka pachikhadabo usamve kamchenga ngakhale kamodzi. Penti wabwino amaima paburashi, sayenderera, ndipo mtundu wake sufwifwa ngakhale papite zaka zana."

"Zaka zana! Ndiye zakuumazo zikhala kumayambiriro kapena kumapeto?"

"Kumayambiriro. Masiku asanu, akachedwa sabata."

"Nanga wakoyu akudikira ndani? Khadi la chipani alibe?"

Fidelis anayang'ana kumsewu kaye, kenaka n'kutsitsa mawu.

"Penti safunika khadi, amayi."

"Mayo ine, ndinabala!"

"Pansi ndinapaka woonda, wa mafuta ochepa. Pamwamba wonenepa. Ukatembenuza, chithunzi chimang'aluka. Zonse ndinatsata. Chatsala ndi mafuta okha, koma mafutawo sangakhale ndi vuto. Ndi linisidi weniweni, amene wansembe anandisiyira. Botolo limodzi, kuno sapezeka."

Apa Mayi Enelesi anayamba kukonza mpango umene unali wokonzeka kale.

"Botolo lake lofiirira lija?"

"Lomwelo."

"Unaliika padenga la khitchini lija?"

"Eya, kuti awombedwe dzuwa. Wansembe anati linisidi akakhala padzuwa amayera."

"Onunkha ngati pansi pa bwato aja?"

"Anasiya kununkha. Ndi mmene ndinadziwira kuti dzuwa lagwira ntchito. Anayera mbee, fungo lake labwino ngati la mtedza."

"Dzuwa! Dzuwa lake ndine."

"Mwati bwanji?"

"Ndati dzuwa limene linayeretsa mafuta ako lakhala pachitsa pano. Anabwera Bakari wokhoma mabwato kudzaona chitseko chija chinkagwa. Ataona botolo, n'kununkhiza, maso ake tong'o! Akuti amenewa akapaka thabwa, madzi salowa. Ndinadziwa kuti mbalame yakodwa. Iye amati akonze chitseko basi. Ine ndinati ayi, uwonjezere mpando. Anakana, ndinakana, mpaka dzuwa kupendeka. Mpando ndi uwo ukukhalirawo."

Fidelis anadzuka pampandopo ngati pali moto.

"Munapereka linisidi?"

"Ndinakuchotsera zoola. Ndipo sindinakusiye manja lende. Botolo ndinalitsuka ndi phulusa, n'kudzazamo mafuta anga a mtedza. Atsopano, osakazingirapo ngakhale ndasi limodzi. Mwana wa eni ake bwenzi atagwada kuthokoza."

"Amayi, mafuta a mtedza sauma."

"Achedwa chabe."

"Sauma."

"Pofika Lachisanu?"

"Ngakhale Lachisanu la chaka cha mawa."

"Bodza limenelo. Mandasi anga akagona masiku awiri amauma gwaa, woponyera galu angaphe."

"Umauma ndi ufa. Mafuta amakhala momwemo. Taonani chiwaya chanu, chinayamba chaumapo?"

"Chiwaya changa usachitchule! Chimenecho ndi chimene chinakulipirira sukulu yoti uzidzandiyankha."

"Ndikungonena kuti mafuta ali mitundu iwiri. Ena amamwa mpweya n'kulimba. Ena..."

"Ena amadyetsa anthu. Ndiye pa awiriwa, abwino ndi ati? Onunkha osadyeka, kapena anga?"

"Pojambula, onunkhawo."

"Wamva, Chauta? Mwana akusankha zonunkha. Watengera kuchimuna."

Fidelis anakhala pansi, pafumbi, n'kuyang'ana zala zake zofiira. Sanakalipe. Mwana uyu sadziwa kukalipa, ndipo zimenezo ndi zimene zinkawapsetsa mtima kwambiri mayi ake, chifukwa munthu wosakalipa sungamugonjetse bwinobwino. Mumtima anamva kanthu kakuwatsina, koma anakaponda. Kodi si zimene ankafuna? Wenela anatseka, ku Joni kulibe njira, anzake onse a Fidelis ali panyanja kapena m'minda ya mpunga. Munthu wamwamuna angakwatire ndi dothi lopera?

"Basi, zatha bwino," anatero akudzuka. "Palibe wakufa. Amalume ako a Sailesi akusowa munthu kuchingwe. Kumeneko zouma n'zambiri, ukasangalala. Bweretsa nsaluyo, ndiipukute. Ndi yolimba, izivundikira dengu langa mvula ikamagwa."

"Musagwire pakati, mudetsa manja."

"Manja anga anadetsedwa iwe usanabadwe."

Mayi Enelesi anachigwira m'mbali chithunzicho n'kuchitembenuza. Iwo ankayembekezera bwato, kapena mitengo ya migwalangwa, zimene amakonda alendo. Koma pansalupo panali mayi atakhala pachitini, mpango wobiriwira kumutu, dzanja lina lili ndi chipande pachiwaya, lina latambasuka ngati likukana mtengo wa wogula. Pamkono panali chipsera cha mafuta otentha. Mayi Enelesi anayang'ana chipseracho, n'kuyang'ana mkono wawo.

"Uyu ndani?"

"Ndinu."

"Ine? Ndinakukhalira liti kuti undijambule?"

"Simunakhale. Inu simukhazikika. Ndimakuonani padoko tsiku lililonse."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Munati ndisamakuuzeni za matope anga."

Anachiyandikitsa kumaso. Mpango unali womwewo, wawo wa Lamulungu. Khosi linali lowongoka bwino, la munthu wosaopa mnzake. Koma pankhope zinthu sizinali m'malo mwake.

"Mphuno yanga ili kuti?"

"Iyi apa. Yatsetserekera pamlomo."

"Nanga diso ili likupita kuti?"

"Likutsata mphuno. Pankhope ndi pamene ndinapaka wonenepa kwambiri, kuti muziwala. Ndiye kukatentha masana, amayenderera."

Mayi Enelesi anati abweze mphunoyo ndi chala. Tsaya lonse linabwera nacho chalacho.

"Aaa! Iwe, ndathothoka!"

"Ndinanena kuti musagwire pakati."

"Ndiye ku Blantyre kuja, chimenechi akanachiika pati?"

"Pawindo la sitolo, pamsewu waukulu. Mwini wake analemba kuti nyanja ndi mabwato zamukwana, akufuna nkhope ya munthu wa ntchito. Anati akachikonda aitanitsa zina."

"Pawindo. Anthu onse odutsa n'kumaona."

"Onse."

"Ndi akazi a mabwana omwe."

"Ngati adutsa pamenepo."

Mayi Enelesi, amene sanapitirirepo Salima chibadwire, anaima ndi chala chofiira m'mwamba, akuyang'ana khosi lija.

"Kujambula china kungatenge masiku angati?"

"Kupera masiku atatu. Kujambula sabata. Kuuma sabata ina. Koma zilibe ntchito, amayi."

"Zilibe ntchito bwanji?"

"Pangano linali Lachisanu lino. Ndalephera. Ndikalongedze." Anadzuka n'kusasa fumbi.

"Khala pansi."

"Munanena nokha pamaso pa amalume kuti mawu anu sabwerera."

"Sabwerera akapita kwa anthu ena. Kwa iwe ndi anga, ndingawaitane."

"Koma amalume akusowa munthu kuchingwe."

"Iwe ungakoke khoka? Manja ngati a mlembiwa? Nsomba zingakuseke mpaka kuthawa. Sailesi wakhala akukoka yekha zaka zonsezi, sanafe."

"Nanga si inu munati kujambula n'kusewera ndi matope?"

"Kujambula mabwato n'kusewera. Uyu ndi munthu! Ndipo iwe ulibe manyazi? Munthu wophunzira kumishoni, kutenga nkhope ya mayi ako n'kuipaka mafuta okazingira? Ndine ndasi ine?"

"Ndinu munathira m'botolo."

"Ndiye iwe mphuno ulibe? Katswiri wanji wosasiyanitsa mtedza ndi linisidi? Ine sindinapite kusukulu, koma wondigulitsa ufa wa chinangwa m'malo mwa tirigu ndimamugwira asanatsegule thumba."

"Ndinali ndi chikhulupiriro pa dzuwa."

"Dzuwa, dzuwa! Tiye kwa Bakari. Mbava ija! Kutenga mafuta a zaka zana, osapezeka dziko lonse lino, n'kundipatsa kampando kogwedera!"

"Munati munamupambana."

"Anandibera! Anaona kuti ndine mkazi wamasiye."

Anamanga chitenje mwamphamvu, dengu la mandasi n'kulikankhira m'nyumba ndi phazi. Fidelis anaima pomwepo, akukanda m'mutu.

"Koma amayi, dzulo ndinadutsa kugombe. Bakari anali atatembenuza bwato latsopano. Anati ayamba kulipaka lero m'mawa."

"Alipake. Ndikalifinya thabwa ndi thabwa mpaka botolo lidzale."

"Sizingatheke. Linisidi akalowa m'thabwa, dzuwa lake ili, amayamba kugwira. Amenewo ndi mafuta abwino, amauma."

Mayi Enelesi anali atafika kale pamsewu, nsapato zili m'manja. Anatembenuka.

"Ndiye waimiranji, chitsiru iwe? Thamanga, asanaume!"