Manja Ochedwa

Loweruka masana, pamzere wolowera muholo ya pachilumba, bambo wina wongotsika kumene boti ankafunsa mayi amene anali patsogolo pake.

"Ati kuno aliyense atha kukwera kukaimba, mayi?"

"Aliyense. Mukangolembetsa dzina pakhomopo, amakupatsani maikolofoni."

"Nanga wina akaimba zosamveka, mumamukuwiza?"

"Aaa, tikuwize ndani? Wosatha kuimba kwenikweni kuno ndi woyendetsa boti mwakweralo. Mawa atiwolotsa ndani? Timangoombera m'manja aliyense."

"Ndiye waluso amadziwa bwanji kuti wakhoza?"

"Ameneyo akamaliza, holo yonse imayamba yati kaye zii. Manja amabwera pambuyo."

"Inuyo mwadzamvera ndani lero?"

"Mwana wanga wamkazi, n'koyamba kuimba pagulu. Manjawo awapeza ndithu, bambo. Ine ndikungopemphera kuti achedweko."