Nyanja Imene Ester Sanaione

Pamzere wa kuchigayo pa Nsaru, mayi wina anatambasulira kope la mwana wake bambo amene anali pambuyo pake.

"Taonani inki yofiirayi! Ati alembe chimangirizo m'Chingerezi, afotokoze kukongola kwa kunyanja kumene kumapita alendo: mchenga woyera, mafunde, mahotela. Ester wanga nyanja anaionera kuti? Iye analemba za dambo lathu, pamene amatunga madzi othirira tomato. Amupatsa ziro!"

"Pepani mayi. Komatu Sakina wanga anakhoza funso lomwelo."

"Munapita nayeko kunyanjako?"

"Ayi. Aphunzitsi anawalembera mawu onse pabolodi, iye n'kuloweza."

"Nanga aphunzitsiwo anafikako?"

"Kaya."

"Ndiye kamuwombereni m'manja mwana wanuyo. Wanga walephera Chingerezi, wanu wakhoza bodza."