Mbuzi ya Mayi Wamasiye

Achimwene a pa wailesi, ndikulemba kuchokera ku Lirangwe kumene ndili pa chikamwini. Anthu anandisankha kukhala wachitetezo cha m'mudzi poti sindinama. Tsiku la msika ndinapeza malume a mkazi wanga akugulitsa mbuzi imene inasowa m'khola la mayi wina wamasiye. Ndinaizindikira ndi khutu lake long'ambika.

Apongozi atamva, anatuma mkazi wanga: "Ukawauze bambo a anawo kuti munda akulimawo ndi wa malume omwewo. Akaulula, anyamule zovala zawo, ana asiye."

Mayi uja amandiimitsa panjira: "Achimwene, mwamvako chilichonse?" Ndimangoyang'ana pansi.

Inu omvera, chilungamo mumachifuna, inenso ndimachifuna. Koma ndikachinena, ndikagona kuti?